Madzi a m'dziwe losambiramo ali mbuu: kodi tisinthe mchenga wa mu fyuluta?

Funso: Ndimayang'anira loji yaing'ono ku Senga Bay. Tili ndi dziwe losambiramo la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, kuya kwake tikatenga pakatikati pa kozama ndi kosazama ndi mita imodzi ndi theka. Chiyambireni kutentha mu Okutobala madzi ake akuoneka ngati otsukira mpunga, pansi sipakuoneka bwino. Mnyamata wosamalira dziwe amachita backwash (kutsuka mchenga wa mu fyuluta pobweza madzi chammbuyo) m'mawa uliwonse ndipo amathira klorini wa HTH tsiku ndi tsiku. Pampu timayatsa maola 4 patsiku poopa mayunitsi. Madzi owonjezera timatenga pa mjigo wathu. Muvi wa geji yoyeza presha ya mu fyuluta unaima kalekale. Mchenga wa mu fyuluta watha zaka 6. Abwana akuti mchengawo watha ntchito, tingotapa wina kugombe kuno poti ndi waulere. Kodi titero?

Yankho: Achimwene, kugombeko musatape ngakhale chidebe chimodzi. Ndiyambira pamenepa chifukwa ndi pomwe mungataye ndalama zambiri, kenako tibwerera ku gwero la mbuu wa madzi anuwo. Mchenga wa zaka 6 uli ndi mlandu wake, koma mwa zonse mwalembazi suli patsogolo.

Mchenga wa mu fyuluta ndi wa mwala wa silika, wotsukidwa, woumitsidwa, n'kusefedwa kuti njere zake zifanane kukula, pafupifupi theka la milimita kapena kupitirirapo pang'ono. Kufananako ndiye mwini nkhani. Pakati pa njere zofanana pamatsala timipata tofanananso, madzi amadutsa, litsiro n'kukodwa. Mchenga wabwino umagwira tinthu ta ma micron 20 mpaka 40 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), pomwe tsitsi la munthu limakhala pa ma micron 70 kapena chapompo. Pansi pa thanki pali timapaipi ta pulasitiki totambasuka ngati zala za dzanja, tokhala ndi timing'alu topyapyala kuposa njere ya mchengawo. Amisiri amati ma lateral, ena amangoti zala. Madzi osefedwa amalowa m'timing'alu timeneto kubwerera kudziwe, mchenga n'kutsala m'thanki.

Tsopano tapani dzanja limodzi la mchenga wa kugombe kwanuko muuyang'ane padzuwa. Muona njere zikuluzikulu, zina zonga ufa, tizidutswa ta zigoba za nkhono, ndi tinjere takuda tonyezimira tomwe timachuluka kugombe la ku Chipoka. Zonga ufazo zimadutsa m'zala n'kukagona pansi pa dziwe, zotsala zimatseka mipata ya zinzake mpaka madzi kusowa podzera. Takudato n'tolemera kuposa silika, ndiye pa backwash timatsikira pansi penipeni, pa zala pomwepo. Zigoba za nkhono ndi laimu: donthezerani viniga muona thovu. Mu fyuluta zimadyedwa pang'onopang'ono ndi asidi amene mumathira m'dziwe, zimakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umakwera asidi akachepa), n'kumatiriza mchenga kukhala chibuma. Ndinaitanidwapo pa loji ina kumpoto kwa Nkhotakota komwe anachita zomwe abwana anu akuganizazi. Mwezi usanathe pansi pa dziwe panali potuwa ndi mchenga, hosi ya vacuum inkaukoka n'kuubwezera mu pampu, mchengawo n'kudya seal, chotchingira madzi cha mu pampu, mpaka pampu kuyamba kudontha. Anagula mchenga woyenera womwe ankauthawa uja, kuwonjezera apo zala zatsopano ndi seal.

Madzi oyera amakhala pa mafuwa atatu: maola amene pampu ikuzungulitsa madzi, fyuluta yomwe ikuwasefa, ndi mankhwala. Kwanuko mafuwa onse atatu apendekeka, ndipo lomwe lapendekeka kwambiri ndi la maola.

Tiwerengere limodzi. Mamita 10 kuchulukitsa ndi 5 ndi 1.5 ndi malita 75,000. Ngati pampu yanu ndi ya 0.75 kW, monga zimakhalira zambiri pa maiwe a msinkhu umenewu, imakankha malita 12,000 pa ola kapena chapompo fyuluta ikakhala yoyera. Maola 4 ndi malita 48,000 basi, osafika n'komwe pa madzi onse a m'dziwemo. Ndipo ngakhale mutayatsa maola 6 ndi mphindi 15 kuti malita 75,000 adutse, sikuti dontho lililonse ladutsa mu mchenga. Madzi osefedwa akabwerera amasakanikirana ndi osasefedwa, ena n'kukokedwanso kachiwiri anzawo asanadutseko n'kamodzi komwe. Masamu ake ndi odziwika: kuzungulira koyamba kumasefa pafupifupi magawo 63 mwa 100, kwachiwiri kumafikitsa pa 86, kwachitatu pa 95. Pa maola anu 4 aja madzi opitirira theka amagona osaona mchenga, ndipo iyi ndi Salima ya mu Okutobala ndi Novembala, pomwe madzi a m'dziwe amafunda ngati osambitsira khanda. Ndere zimakondwa ndi madzi ofunda ndi odikha. M'nyengo ino dziwe la alendo lifunika maola 10 mpaka 12 patsiku. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuomba ndipo osambira achepa, maola 6 mpaka 8 amakwana.

Ndikumva za mayunitsi. Pampu yotere imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa ola, ndiye tikukamba za mayunitsi 6 mpaka 8 owonjezera patsiku. Awerengereni abwana mtengo wake pamwezi, auike pambali pa ndalama ya HTH imene ikungothiridwa popanda phindu, ndi ya mlendo mmodzi amene wasuzumira m'dziwe n'kukalipira chipinda kwa anansi anu. Maolawo muwagawe: ambiri masana pomwe dzuwa likuswa ndipo anthu akusambira, atatu kapena anayi madzulo mutathira klorini kuti asakanikirane. Ngati muli ndi timer yozungulira ija, dziwani kuti magetsi akazima nayonso imaima, ndiye akabwera nthawi yake yasokonekera. Mnyamatayo aziyang'ana tsiku lililonse, ndipo maola amene atayika ndi kuzima kwa magetsi azibwezedwa usiku.

Tibwere ku geji, kachinthu kotsika mtengo kuposa zonse za m'kanyumba ka pampu, komwe ine ndikanagula lero lomwe. Fyuluta ndi thanki yotseka, m'kati mwake simuona. Njira imodzi yokha imene imakuuzirani za moyo wake ndi muvi umenewo. Mukamangirira geji yatsopano, chitani backwash yabwino, chotsani zinyalala m'mabasiketi onse, yatsani pampu valavu ya fyuluta ili polembedwa Filter, muone pamene muvi waima. Imeneyo ndi presha ya fyuluta yoyera. Imasiyana dziwe ndi dziwe malinga ndi kutalika kwa mapaipi ndi mphamvu ya pampu, ndiye musatengere ya mnzanu. Ilembeni ndi penti pakhoma, kapena jambulani kamzere pa galasi la geji. Litsiro likamadzaza mu mchenga muvi umakwera. Ukakwera ndi 50 mpaka 70 kPa pamwamba pa kamzere kaja, kapena 8 mpaka 10 ngati geji yanu ndi ya psi, nthawi ya backwash yakwana. Usanafike apo, fyuluta isiyeni igwire ntchito.

Muviwo umanenanso zina. Ukatsika pansi pa kamzere, vuto lili kumbali yomwe madzi amalowera mu pampu: basiketi yadzaza masamba, madzi atsika mpaka skimmer (kabowo ka m'khoma la dziwe kokokera madzi apamwamba) ikumwa mpweya, labala wa chivundikiro cha pampu wauma, kapena timitengo talowa mu impeller, kagudumu kokankha madzi m'kati mwa pampu. Suzumirani pa chivundikiro choonekera cha pampu. Mukaona thovu likuvina m'katimo, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake. Labalayo mumupake girizi wa silicone, osati vaselini, chifukwa vaselini amatupitsa labala. Muvi ukamakwera msanga, tsiku limodzi kapena awiri chichitireni backwash, ndiye kuti mu madzi muli ndere zambiri kapena mchenga wamatirirana. Ukapanda kukwera konse kwa milungu pomwe madzi ali akuda, madziwo adzibowolera njira m'mbali mwa mchenga, akungodutsa osasefedwa, monga amachitira madzi a mvula akapeza una wa mbewa pa mzere.

Backwash ya m'mawa uliwonse ikupweteketsa dziwe lanu, ngakhale mnyamatayo akuichita ndi mtima wabwino. Mchenga wongotsukidwa kumene susefa bwino ngati umene wagwira kalitsiro pang'ono, chifukwa kalitsiroko kamachepetsa mipata, tinthu tating'ono kwambiri n'kuyamba kukodwa. Tinthu tomwe tikuchititsa mbuu ndi tating'ono totero. Iye akutsuka fyuluta pa nthawi yomwe ikanayamba kutigwira. Onaninso madzi akutayika. Mphindi 3 za backwash ndi imodzi ya rinse, kutsukuluza kotsatira backwash, ndi malita 800, migolo inayi ya malita 200. Pamwezi ndi malita 24,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziwe lonse, otayidwa pamodzi ndi mankhwala omwe munagula, n'kulowetsedwa m'malo ndi madzi opanda mankhwala a pa mjigo. Dziwe ngati lanu, likakhala bwino, limafuna backwash kamodzi pa mlungu kapena milungu iwiri, ndipo wouza tsiku lake ndi geji.

Kachitidwe kake nkofunika kukaonerera nokha tsiku limodzi. Pampu izimitsidwe kaye nthawi iliyonse musanagwire handulo ya valavu. Pansi pa handulopo pali labala wooneka ngati kangaude, spider gasket, amene amalekanitsa njira za madzi. Kutembenuza handulo pampu ikulira kumamung'amba kapena kumuchotsa m'malo, ndipo zikatero madzi akuda amadumphira ku paipi yobwerera kudziwe, kapena madzi abwino amadontha usana ndi usiku ku paipi yotayira. Ndiye zimitsani, kanikizani handulo pansi, itembenuzireni mbali imodzi yomweyo nthawi zonse mpaka pa Backwash, yatsani. Yang'anani kagalasi kam'mbali mwa valavu: madzi ayamba oyera, kenako akuda, kenako ayeranso, kawirikawiri pakatha mphindi 2 kapena 3. Zimitsani, pitani pa Rinse, yatsani masekondi 30 mpaka mphindi imodzi. Ambiri amadumpha Rinse pofuna kusunga madzi, kenako amadabwa ndi mtambo wa litsiro wotuluka m'makoma a dziwe akangoyatsa pa Filter. Rinse imakhazika mchenga pansi n'kutaya litsiro lotsalira m'mapaipi. Zimitsaninso, bwererani pa Filter. Pa Closed pokhapo pampu isayatsidwe ngakhale kamphindi, chifukwa madzi akasowa kolowera chimaphulika ndi paipi kapena chivundikiro, ndipo munthu amakhala ataima pomwepo.

Za mankhwala simunatchule pH, ndipo ndikukayika ngati pali amene akuyeza. Mtundu wa madzi mwaufotokozawo, woyererako osati wobiriwira, umandilozera kumeneko. HTH ndi klorini wa laimu, calcium hypochlorite, wa mphamvu ya magawo 65 mpaka 70 mwa 100. Nthawi iliyonse mukathira mumawonjezera laimu m'madzi ndi kukankhira pH m'mwamba. Madzi a mijigo yambiri amabwera kale ndi laimu wawo, uja mumamuona atayera pansi pa ketulo, ndipo a m'nyanja yathuyi nawonso pH yawo imakhala cha pa 8 kapena kupitirira. pH ikakwera zimachitika zinthu ziwiri. Laimu amene anasungunuka amatuluka ngati ufa wosalala woyandama m'madzi, umenewo ndiye mbuu. Ndipo klorini amafooka: pa pH ya 7.2 pafupifupi magawo awiri mwa atatu a klorini amakhala akugwira ntchito, pa 7.5 theka, pa 8 kotala yokha. Munthu amaona madzi sakuyera, amawonjezera HTH, pH n'kukweranso, madzi n'kuipiraipira.

Gulani test kit ya madontho, ija ya timabotolo. pH izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6, klorini pakati pa 1 ndi 3 ppm (magawo pa miliyoni), total alkalinity, muyeso wa zomwe zimaletsa pH kusinthasintha, pakati pa 80 ndi 120 ppm. Kuyeza kukhale kawiri patsiku nyengo ino, ndipo manambala azilembedwa m'kope limodzi ndi presha ya geji ndi maola a pampu. Kope limenelo lidzakuuzani zambiri kuposa mmisiri wobwera tsiku limodzi. Potsitsa pH, asidi wa dziwe athiridwe mu ndowa ya pulasitiki yomwe muli kale madzi, osati madzi kuthira mu asidi, kenako amwazidwe kozama pampu ikuyenda. Pa dziwe lanu musapitirire theka la lita pa nthawi imodzi, dikirani maola 4 mpaka 6, yezaninso. Asidi m'mawa, klorini madzulo dzuwa litalowa, chifukwa dzuwa limatha klorini wosatetezedwa m'maola awiri kapena atatu. Chomuteteza ndi stabiliser, cyanuric acid, amene afunika kukhala pa 30 mpaka 50 ppm. Ndi backwash ya tsiku ndi tsiku ija ndikukhulupirira kuti wanu anatha kalekale. Koma naye asachuluke: mapiritsi a klorini oyandama aja amabwera ndi stabiliser m'kati, ndipo akafika cha ku 100 klorini amachita ulesi, chomuchotsera palibe kupatula kutaya madzi ena.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa wogwira mankhwalawa ndi mwana wa munthu. HTH ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha mapapo m'kanyumba kotseka. HTH ikasakanizidwa ndi mapiritsi aja mu chidebe chimodzi imatha kuyaka kapena kuphulika. Chilichonse chikhale ndi ndowa yake ndi kapu yake, zisungidwe motalikirana, pouma, pamthunzi, kutali ndi petulo wa jenereta. Mugulireni magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Mtengo wake sufika pa wa chidebe chimodzi cha HTH.

Madzi a pa mjigo muwayese motere: tungani mu ndowa yoyera, thiranimo kauzitsine ka HTH, dikirani ola limodzi. Akasanduka achikasu kapena ofiirira ngati tiyi, muli chitsulo, ndipo klorini akuchisandutsa dzimbiri. Ngati ndi choncho, madzi owonjezera aziyamba agona m'thanki ndi klorini pang'ono usiku wonse, dzimbiri likhale pansi, apamwamba okha ndiwo alowe m'dziwe. Pofuna kudziwa ngati ndere zayamba, sisitani khoma la dziwe ndi dzanja: likaterera, zilipo. Mungathenso kuyeza klorini usiku pampu itasakaniza bwino, n'kuyezanso m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Akatsika ndi 1 ppm kapena kuposa popanda dzuwa ndi popanda wosambira, muli chamoyo chimene chikumudya.

Tsopano mchenga wanu wa zaka 6. Kawirikawiri umasinthidwa pakatha zaka 3 mpaka 5, ndipo pa loji pomwe alendo amalowa m'madzi atadzola mafuta oteteza dzuwa sufika n'komwe pamenepo. Ndiye inde, usinthidwe. Mukatsegula, mutazimitsa pampu ndi kutulutsa mpweya kuti muvi ufike pa 0, pisani dzanja mpaka m'chigongono. Mchenga wamoyo umakhakhala ndipo umamwazika. Wotha umatuluka m'mibulu yamafuta ngati dothi loumbira mbiya, kapena pamwamba pake pamakhala chikhokho cholimba cha laimu, kapena mumapeza mpata pakati pa mchenga ndi khoma la thanki pomwe madzi amathawira. Mafyuluta ambiri kuno amachokera ku South Africa ndipo amatchulidwa ndi matumba: 2 bag, 3 bag, 4 bag, thumba lililonse makilogalamu 40. Werengani chimene chalembedwa pa thanki yanu, mukagule matumba omwewo kwa ogulitsa zipangizo za maiwe ku Lilongwe, olembedwa kuti ndi mchenga wa fyuluta. Pali magalasi operedwa amene ena akuthira m'malo mwa mchenga. Amasefa bwino ndipo amakhalitsa, koma ngokwera mtengo, ndipo ine sindingayambire pamenepo zina zonsezi zisanakonzedwe.

Posintha, tsegulani kotulutsira madzi pansi pa thanki, mchenga wakale muutape ndi kapu ya pulasitiki. Fosholo kapena chitsulo chilichonse ayi, ndipo mukayandikira pansi gwiritsani ntchito manja, chifukwa pulasitiki wa zala wa zaka 6 amathyoka ngati bisiketi. Zala zonse muzitsuke, muziyang'ane chimodzichimodzi. Chong'aluka chisinthidwe pompo, popeza chala chimodzi chokha chimakwana kudzaza mchenga pansi pa dziwe. Musanathire watsopano, dzazani thanki ndi madzi mpaka theka kuti mchenga ukamagwa usamenye zala, ndipo kukamwa kwa paipi yapakati mukumange ndi pulasitiki, paipiyo ikhale chilili pakatikati. Thirani pang'onopang'ono, wothirayo atavala chotseka mphuno chifukwa fumbi la silika limawononga mapapo. Thanki siidzazidwa mpaka pakamwa: mchenga umafika cha pa magawo awiri mwa atatu, pamwamba pamatsala malo oti uzitukumukira pa backwash. Mukatseka, musayambire pa Filter. Yambani ndi Backwash mphindi 3 mpaka 5 kuchotsa fumbi la mchenga watsopano, kenako Rinse, kenako Filter. Presha ya nthawi imeneyo ndiyo mulembe pakhoma.

Dziwe lomwe lafika kale potere muliyeretse chonchi. Choyamba litsekeni. Ngati munthu woima m'mphepete sakuona pansi pa kozama, mwana womira sangaonekenso, ndiye pasalowe munthu ngakhale alendo adandaule. Tsitsani pH ifike pa 7.2. Kwechani makoma, masitepe ndi m'makona ndi bulashi. Madzulo thirani klorini wamphamvu wofikitsa madzi pa 10 ppm: pa malita 75,000 ndi HTH pafupifupi kilogalamu 1.2, yosungunulidwa kaye m'ndowa zamadzi, nsenga zoyera zotsala pansi pa ndowa osazithira m'dziwe. Pampu iyende usana ndi usiku masiku awiri kapena atatu, backwash pokhapokha geji ikanena. Nthawi zambiri pofika tsiku lachitatu pansi pamaoneka. Akakanabe, gwiritsani ntchito alum, mankhwala omwewo amene amayeretsera madzi a m'mipopi, pa muyeso wolembedwa pa paketi. Valavu ikhale pa Recirculate maola awiri kuti asakanikirane osadutsa mu mchenga, kenako zimitsani pampu usiku wonse. M'mawa mupeza litsiro lonse lagona pansi ngati thonje. Likokeni ndi vacuum valavu ili pa Waste kuti lipite ku paipi yotayira, modekha kwambiri kuti lisadzuke, hosi ya madzi owonjezera ikuthira. Likadutsa pa Filter limata mchenga wanu watsopano tsiku lomwelo. Alendo abwerere m'madzi klorini akatsika kufika pa 3.

Mvula ili pafupi, ndipo imabwera ndi zake. Usiku wa mvula yoyamba ngumbi zimathamangira magetsi a m'dziwe, kukacha basiketi ya skimmer ili tho, pampu ikukoka mpweya. Chimodzimodzi nkhungu zikatuluka m'nyanja mphepo n'kuzikankhira kumtunda. Masiku otere magetsi ozungulira dziwe azimitsidwe msanga, tizilombo tiwoledwe ndi kaukonde m'mawa tisanamire, mabasiketi akhuthulidwe kawiri patsiku. Chilichonse chimene chawoledwa ndi dzanja ndi ntchito imene mchenga ndi klorini zapepukidwa. Mvula yamphamvu ikagwa, yezani madzi tsiku lomwelo osadikira mawa, ndipo onetsetsani kuti madzi othamanga kuchokera pakapinga sakulowa m'dziwe, chifukwa amabwera ndi matope ndi feteleza, chakudya cha ndere. Shawa ya pafupi ndi dziwe ikonzedwe kuti ochokera kugombe azitsuka mchenga ndi mafuta asanalowe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri m'mbali mwa nyanja zomwe ndikupemphani musachite. Wina adzakuuzani kuti mungopopa madzi onse n'kuyambiranso. Ku Senga Bay madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, makamaka chikwerereni nyanja mu 2024 pomwe inalowa m'malo ambiri ogona alendo. Dziwe lopanda madzi pa nthaka yotere limakankhidwa kuchokera pansi, limatha kung'aluka kapena kunyamuka ndithu. Ngati pafunika kusintha madzi, tayani gawo limodzi mwa atatu, dzazani, mudzabwereze tsiku lina. Chachiwiri ndi paipi yotayira. Itsatireni muone kumene ikuthera. Madzi a backwash ali ndi klorini, ndipo klorini wochepa kwambiri, woti munthu sangamumve n'komwe, amapha nsomba. Zilumba za Maleri zomwe alendo anu amaziona ali pakhonde ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna ndi nsomba zinzake. Kumbani dzenje patali ndi gombe ndiponso patali ndi mjigo wanu, mudzazemo miyala, paipiyo izithera mmenemo.

Kwa abwana mupite ndi pepala la zinthu izi: geji, test kit, asidi, stabiliser, matumba a mchenga wa fyuluta, spider gasket ndi labala wa chivundikiro cha pampu zosungira. Ngati ndalama sizikwana zonse mwezi uno, yambani ndi geji, test kit ndi asidi, onjezerani maola a pampu, backwash ya m'mawa ilekeke, mchenga ubwere mwezi wamawa. Pakatha masiku 7 mundilembere manambala a m'kope lija: presha ya fyuluta yoyera, presha ya tsiku lachisanu ndi chiwiri, pH ndi klorini za m'mawa ndi madzulo, komanso mtundu umene madzi a pa mjigo anasanduka mu ndowa yoyera ija.